Foni yakale ya magemu kapena yatsopano yamphamvu yotsika mtengo: momwe mungasankhire

Tiyerekeze kuti patebulo pali mafoni awiri, koma ndalama zanu zikukwanira imodzi yokha. Yoyamba ndi foni ya magemu imene inali dolo m'nthawi yake, monga ASUS ROG Phone 6 ya mu 2022: yolemera, yowala kumsana, batire la 6000mAh, sikirini ya 165Hz (yosintha chithunzi maulendo 165 pa sekondi). Yachiwiri ndi yatsopano, ya gulu lija limene makampani amaikamo pulosesa (ubongo wa foni) yamphamvu koma n'kudula zina kuti mtengo utsike, monga OnePlus 13R kapena Poco F7 Pro za mu 2025. Maso amathamangira yoyambayo, chifukwa yachiwiriyo imangooneka ngati foni wamba. Musanatulutse ndalama, tsatirani njira ili m'munsiyi, ndipo musadumphe gawo lachiwiri ndi lachitatu.

1. Onani kaye zimene mumachitadi pa foni

Lowani mu Settings pa foni imene muli nayo panopa, mutsegule Digital Wellbeing, muone maola amene mwathera pa pulogalamu iliyonse sabata yathayi. Anthu ambiri odzitcha akatswiri a magemu amapeza kuti WhatsApp, TikTok ndi YouTube ndi zimene zadya nthawi, gemu ili pa nambala 4. Ngati inunso zili choncho, nkhani yatsala pang'ono kutha: tengani yatsopano.

Ngati magemu alidi pamwamba, funso ndi lakuti ati. Free Fire, Mobile Legends ndi eFootball safuna foni yoopsa, mafoni onse awiriwa amawanyamula osatuluka thukuta. Amene amazunza foni ndi monga Genshin Impact, komanso PUBG Mobile ndi Call of Duty Mobile mukakweza zithunzi mpaka pamapeto. Dziwaninso kuti nambala ya 165Hz ija sikuti gemu iliyonse imaifikira. Opanga gemu ndi amene amaika malire, ndipo magemu ambiri olemera amathera pa 60, 90 kapena 120.

2. Werengani dzina lonse la pulosesa, osati mawu oti Snapdragon okha

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Wogulitsa amangoti "iyi ndi Snapdragon 8", inu n'kumwetulira. Koma m'banja limeneli muli ana osiyana kwambiri, ndipo kachilembo kamodzi kapena kachizindikiro ka + kamasintha nkhani yonse.

Snapdragon 888, imene ili mu ROG Phone 5 ndi mafoni ambiri a mu 2021, komanso Snapdragon 8 Gen 1 imene inabwera pambuyo pake, zinkapangidwa m'mafakitale a Samsung, ndipo zonse ziwiri zinatchuka ndi kutentha komanso kumwa batire. M'chaka cha 2022 Qualcomm, kampani imene ndi mwini wa Snapdragon, inasamutsira ntchitoyo ku TSMC ya ku Taiwan n'kutulutsa Snapdragon 8+ Gen 1, imene inali yoziziririko ndiponso yosunga moto. Kuchokera pamenepo panabwera 8 Gen 2, 8 Gen 3, kenako 8 Elite chakumapeto kwa 2024. Ndiye ngati foni yakale ya magemu imene mukuiganizira ili ndi 888 kapena 8 Gen 1, ine ndingati isiyeni, ngakhale itakhala yokongola bwanji. Kuyambira pa 8+ Gen 1 kupita m'tsogolo ndi pamene tingayambe kukambirana.

Kutentha kuli ndi ntchito yanji? Foni ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kuti isawonongeke. Mphindi zisanu zoyambirira gemu imayenda ngati madzi, ikafika mphindi 20 imayamba kudukiza, ndipo nthawi zambiri imadukiza pamene adani akuunjikirani. Mafoni a magemu anapangidwa kuti alimbane ndi vuto lomweli. Ali ndi thupi lalikulu lomwaza kutentha, ndipo a RedMagic ali ndi kafani mkati kuyambira pa RedMagic 3 ya mu 2019. Choncho foni ya magemu imatha kugwira liwiro lake nthawi yaitali kuposa foni wamba yokhala ndi pulosesa yofanana nayo. Koma fani sitembenuza pulosesa ya 2021 kukhala ya 2024. Pakakhala kusiyana kwa mibadwo iwiri, yatsopanoyo ngakhale itadzichepetsa liwiro nthawi zambiri imakhalabe patsogolo, uku ikudya moto wochepa.

Kumbali ya yatsopano nakonso kuli msampha wake, kachilembo ka "s". Snapdragon 8s Gen 3, imene ili mu Poco F6, si 8 Gen 3. Ndi mng'ono wake, ndipo pa zithunzi za magemu imatsalira ngakhale kwa 8 Gen 2 yakale. Pomwe OnePlus 12R ili ndi 8 Gen 2 yeniyeni, ndipo 13R ili ndi 8 Gen 3 yeniyeni. Galaxy S24 FE ili ndi Exynos 2400e, Pixel 8a ili ndi Tensor G3. Awiri omalizawa ndi mafoni abwino pa zinthu zina, makamaka Pixel pa kamera, koma Tensor G3 sinapangidwire munthu wosewera magemu olemera maola atatu osapuma.

Mukapatsidwa mpata wogwira foniyo, ikanimo pulogalamu yaulere ya 3DMark, musankhe mayeso otchedwa Wild Life Extreme Stress Test. Amatenga pafupifupi mphindi 20, akubwereza chithunzi chimodzimodzi cholemera maulendo 20. Pamapeto musatengeke ndi nambala yapamwamba. Yang'anani yotsikitsitsa, chifukwa ndi imene mudzakhale nayo gemu ikafika pakati.

3. Pezani tsiku limene ma update adzathe

Foni ikhoza kukhala yamphamvu koma kampani yake itaiiwala kale. Makampani a mafoni a magemu akhala aulesi pankhaniyi. ROG Phone 5 inatuluka ndi Android 11 n'kuthera pa Android 13, kusintha kuwiri kokha. Lenovo inasiyiratu kupanga mafoni ake a magemu a Legion mu 2023. Yerekezerani ndi Pixel 8a ndi Galaxy S24 FE, zimene zinalonjezedwa ma update a zaka 7, kapena OnePlus 13R imene inalonjezedwa Android watsopano kanayi ndi zachitetezo kwa zaka 6.

Kuti muone pamene foniyo ili, lowani mu Settings, About phone, mupeze pamene palembedwa tsiku la Android security update. Likakhala la chaka chatha kapena kuposerapo, ndipo mukasaka update yatsopano osapeza kanthu, dziwani kuti khomo latsekedwa. Foni siizima tsiku lomwelo ayi. Chimene chimachitika n'chakuti mabowo achitetezo amene akupezeka amakhala osatsekedwa, ndipo pakapita nthawi mapulogalamu ena, makamaka a kubanki, amayamba kukana Android wakale. Ngati foni imeneyi ndi yomwe muzisungiramo ndalama, zithunzi za banja ndi makalata a kuntchito, gawo ili likulemera kuposa magawo onse.

4. Lembani zimene foni ya magemu yokha ingakupatseni

Musaganize kuti ndikuinyoza yakaleyo. Ili ndi zinthu zimene foni wamba, ngakhale ya chaka chino, kawirikawiri ilibe.

Choyamba ndi mabatani am'mbali. Mukaigoneka foni chopingasa, zala zanu za mkombaphala zimagwera pamenepo: china cholozera mfuti, china chowombera, zala zazikulu zikungoyendetsa munthu ndi kamera. ASUS imawatcha AirTrigger, pomwe Black Shark 4 inali ndi mabatani enieni otumphuka ndi maginito. Amene anazolowera zimenezi akabwerera ku sikirini yokha amamva ngati amumanga dzanja limodzi.

Chachiwiri ndi bowo lotchajira lachiwiri lam'mbali la mafoni a ROG, limene limachititsa kuti chingwe chizilendewera pansi m'malo mokubayani m'chikhatho. Pali bowo la mahedifoni, limene mafoni ambiri atsopano anachotsa, pomwe mahedifoni a Bluetooth amachedwetsa mawu pang'ono, moti mdani mumamumva atafika kale. Palinso njira yoti moto uzipita molunjika ku foni osadzera mu batire pamene mukusewera mutalumikiza tchaja, zimene zimachepetsa kutentha. Njira yomalizayi mafoni ena wamba ayamba kukhala nayo, choncho fufuzani pa mtundu umene mukufunawo.

Tsopano dzifunseni mosadzinamiza: pa zinthu zinayizi, ndi zingati zimene ndizigwiritsa ntchito tsiku lililonse? Ngati yankho ndi limodzi kapena palibe, mukugula magetsi owala kumsana basi. Kumbukiraninso kuti kafani kapanja ndi zogwirira zokhala ndi mabatani zimagulitsidwa pazokha, ndipo zimakwana pa mafoni ambiri.

5. Ngati mtima udakali pa yakale, ipimeni ngati dokotala

Batire ndi limene limakalamba msanga. Mabatire a lithium amataya mphamvu pang'onopang'ono pa kutchaja kulikonse, ndipo mdani wawo wamkulu ndi kutentha. Taganizirani moyo umene foni ya magemu yakhalamo: maola ambiri ili yotentha, nthawi zambiri ili pa tchaja. Batire lolembedwa 6000mAh pabokosi likhoza kukhala litatsika kwambiri. Ngakhale foni imene yakhala m'bokosi zaka zitatu osatsegulidwa, batire lake si la dzulo. Itchajeni idzaze, museweremo gemu yolemera kwa theka la ola, muone mmene moto watsikira. Kenako igonekeni patebulo losalala, muiyang'ane cham'mbali. Chivundikiro chakumsana chikatukuka kapena kusiya kampata, batire latupa, bwezani foniyo pomwepo. Funsaninso ngati batire latsopano la mtunduwo likupezeka, chifukwa mafoni a magemu sanagulitsidwe ochuluka ngati a Samsung kapena Xiaomi, ndipo zipangizo zake zimavuta kupeza.

Kenako sikirini. Ine ndinaphunzira mochedwa. Ndinagulapo foni ya magemu kwa munthu wina, yosalala bwino, yopanda ndi kamkwasa komwe. Patapita masiku atatu ndinatsegula chithunzi chotuwa usiku, ndipo pakona yakumanja ndinaona kamzukwa kozungulira: batani lowombera la gemu imene mwini wakeyo ankasewera, litadindika pa sikirini mpaka kalekale. Pakona ina panali chithunzithunzi cha mapu. Sikirini za mtundu wa AMOLED, zimene zili m'mafoni ambiri otere, zimatero chinthu chimodzi chikawala malo amodzi kwa maola mazanamazana. Ndiye tsitsani chithunzi chotuwa, china choyera ndi china chofiira, muzitsegule chimodzichimodzi chodzaza sikirini yonse, kuwala mutachepetsa, makamaka pamalo amdima.

Yesani mabowo onse otchajira, mabatani am'mbali onse awiri, ndipo ngati ili ndi fani yamkati iyatseni muiike pakhutu. Ikamalira ngati muli mchenga, fumbi lalowa.

6. Tsimikizani kuti foniyo inapangidwira msika uti

Mafoni ambiri a magemu otsika mtengo anapangidwira msika wa ku China. ROG ina imalembedwa kuti Tencent Edition. Otere amatha kubwera opanda Play Store, kapena wogulitsa wina anasinthamo pulogalamu yonse ya mkati kuti ioneke ngati ya maiko onse. Zikatero ma update amatha kusiya kubwera, mapulogalamu a kubanki n'kukana kutseguka. Ma band a 4G ndi 5G, njira zimene foni imalumikizirana nazo ndi netiweki, nawonso amasiyana, choncho ikanimo simu khadi yanu muone ngati netiweki ikugwira bwino, muimbe foni, mutsegule intaneti. Vuto lomweli limapezekanso pa mafoni atsopano a Xiaomi ndi OnePlus opangidwira ku China, ndiye funso ili ndi la mbali zonse.

Imbani *#06# muone ngati nambala ya IMEI, yozindikiritsa foniyo, ikufanana ndi ya pabokosi. Ndipo mwini wake achotse akaunti yake ya Google inu mukuona, asanaifufute foniyo. Akapanda kutero, foni idzakufunsani pasiwedi yake ndipo simudzadutsa.

7. Kamera, madzi ndi thumba

Apa sitichedwapo. Pa kamera, yatsopano imapambana pafupifupi nthawi zonse, makamaka usiku ndi pa vidiyo. Pa madzi, ROG Phone 6 imangopirira kuwazidwa, ndipo ASUS inafika pa IP68, muyezo wa foni yopirira fumbi ndi kumizidwa m'madzi, ndi ROG Phone 8 mu 2024. Foni yokhala ndi fani yamkati ili ndi timabowo ta mpweya, choncho madzi ndi fumbi muzisamala nazo. Kulemera nakonso: ROG Phone 6 ili pafupifupi magalamu 240, ndipo mudzaimva m'thumba ndi pamkono mukamawerenga mutagona.

8. Gamulani

Tengani yakale ya magemu pokhapokha zinthu zinayi izi zitakumana: pulosesa yake ndi 8+ Gen 1 kapena yoposa, batire ndi sikirini zapambana mayeso aja, mabatani am'mbali mumawafunadi pa gemu imene mumasewera tsiku ndi tsiku, ndipo muli ndi foni ina yosungiramo za kubanki ndi za kuntchito. Chimodzi chikasowa, tengani yatsopano, koma muonetsetse kuti dzina la pulosesa yake mwaliwerenga lonse. Ngati pa mtundu umenewo pali ya 128GB ndi ya 256GB, limbani mtima mutenge ya 256GB. Gemu imodzi yolemera imatha kudya magigabaiti makumi angapo, ndipo ambiri mwa mafoni amenewa alibe polowetsera memore khadi.