Bauti yotseka bowo la timing ikakakamira pa injini za Mazda LF ndi L3

Injini za LF ya malita 2.0 ndi L3 ya malita 2.3, zimene zili mu Axela, Atenza ndi Premacy zambiri zochokera ku Japan, komanso abale ake a Duratec a mu Ford Focus, zili ndi khalidwe lake: pulley ndi giya ya tcheni pa crankshaft (shafiti yaikulu imene mapisitoni amazunguza) zilibe kiyi. Zimagwira chifukwa cha kufinya kwa bauti yaikulu ya pakati basi. Mukangoimasula bauti imeneyo timing (kugwirizana kwa kayendedwe ka mapisitoni ndi mavavu) yathawa, ndipo injinizi zikasokonekera timing mapisitoni amagunda mavavu.

N'chifukwa chake m'mbali mwa buloko muli bowo lotsekedwa ndi kabauti kakafupi. Mumachotsa kabautiko, n'kumangamo pini yoimitsira crankshaft, nambala yake 303-507, kenako n'kuzunguza injini mmene imazungulirira ikamalira mpaka chitsulo cha crankshaft chitagunda piniyo. Pamenepo pisitoni yoyamba ili pamwamba penipeni. Ndiye kuti bowoli ndi poyezera. Mukawononga mazinga ake kapena nkhope imene pini imakhalira, pini ilowa mopitirira kapena moperewera, ndipo ngati mukusintha tcheni, chatsopanocho mudzachimanga pa timing yolakwika. Kabautiko kawonongeke, si kanthu, kogula kena kalipo. Chofunika kuteteza ndi bowo.

Kabautika kali kumbuyo kwa injini, mmunsi, pafupi ndi pulley, kumbali ya dalaivala pa galimoto za chiwongolero cha kumanja. Kamakakamira chifukwa ndi kachitsulo komangidwa mu aluminiyamu, ndipo kamakhala pamalo otentha pamene madzi ndi matope a pamsewu amafika. Zitsulo ziwiri zosiyanazi zikanyowa zimadyana, mu mazinga n'kudzaza chiufa choyera chimene chimagwira ngati simenti.

Yambani ndi kabautika musanamasule china chilichonse, injini ikadali yoti ikhoza kulira. Iliritseni itenthe bwino, muizimitse, mukweze galimoto n'kuikhazika pa masitandi, osati pa jeke yokha. Aluminiyamu akatentha amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, choncho bowo limamasukako. Samalani mkono, ekizozi ili pomwepo.

Chotsani tayala la kumanja ndi pulasitiki yotchinga matope. Ngati shafiti yopita ku tayala ikutchinga, ichotseni pamodzi ndi chogwirira chake. Ambiri amachita ulesi apa, n'kulumikiza ma extension atatu ndi joini yopindika, soketi n'kukhala chopendekeka. Mitu yambiri imatha motero. Palani matope ndi bulashi ya waya, thirani mafuta olowerera mu dzimbiri, ndipo gogodani mutuwo molunjika ndi hamala kudzera pa kachitsulo, kuti chiufa chija chisweke. Soketi ikhale ya makona 6, yokwana ndendende, yolowa mpaka pansi. Ya makona 12 imagwira nsonga zokha. Kokerani kaye pang'ono ngati mukumanga, kenako bwezani. Ikasuntha n'kulimbanso musaikakamize: thirani mafuta, ibwezeni mkati, itulutseninso, pang'onopang'ono chomwecho. Mukaithamangitsa imatuluka ndi mazinga a buloko.

Ikakana, isiyeni igone ndi mafuta usiku wonse, m'mawa mutenthe buloko mozungulira bowolo ndi heat gun (chida chopemera mpweya wotentha) kapena kamoto kakang'ono ka gasi. Moto upite pa aluminiyamu, osati pa bauti. Pukutani oyilo yense kaye ndipo tchingani mawaya ndi malabala ndi kachidutswa ka lata. Moto wa okisijeni wowotcherera usayandikire. Aluminiyamu safiira pochenjeza, amangosungunuka.

Mutu ukatha makona, khomererani soketi yoluma, ya mano opota mkati, imene imagwira kwambiri mukamamasula. Ngati palibe, soketi yocheperako pang'ono yokhomedwa ndi hamala nthawi zina imagwira ntchito, koma muli ndi mwayi umodzi wokha. Chizulo ndi choopsa pano chifukwa chikaterereka chimasema nkhope ya bowo ija.

Njira yodalirika kwambiri pa mutu wotheratu ndi kuwotcherera nati pamwamba pake. Ikani wochapo kapena kachidutswa ka lata kobowola kuzungulira mutuwo kuti kateteze buloko, khazikani nati yaikulupo, owotcherera adzaze mkati mwa natimo. Chotsani mawaya onse a batire kaye. Waya wa ethi wa makina owotcherera ugwire pa buloko pafupi penipeni ndi bautiyo, kuti magetsi asadutse mu mabeyaringi kapena mu kompyuta ya galimoto. Dikirani kufiira kuthe musanazunguze. Kutentha ndi kuzizira kumeneko kumamasula dzimbiri mwakuti nthawi zambiri imatuluka ndi sipanala wamba. Nati ikathyoka, wotchereraninso ina.

Kubowola kukhale komaliza, pa zifukwa ziwiri. Bowoli limatulukira mkati mwa injini, choncho tizitsulo tonse timagwera mu sampu, mosungira oyilo pansi pa injini. Ndipo kuseri kwake kumadutsa crankshaft. Yezani kutalika pa bauti yatsopano, mumange tepi pa chobowolera kuti musapitirire. Khomani chizindikiro pakati penipeni, yambani ndi chobowolera cha 3 mm, mukulitse pang'onopang'ono. Zobowolera zozungulira chakumanzere ndi zabwino chifukwa zikaluma zimatha kuimasula yokha. Pakani girizi kuti tizitsulo tizimatirira, muzipukuta pafupipafupi. Chida chotulutsira bauti, chimene chimalowa m'bowo limene mwabowola, musachikakamize. N'cholimba kuposa chobowolera, chikathyokera mmenemo ntchito yakula. Mukamaliza tsitsani sampu muitsuke, ndipo musinthe oyilo ndi fyuluta.

Bauti ikatuluka, tsukani mazinga ndipo yesani pini ndi dzanja. Iyenera kulowa mosavuta mpaka kukhala pansi popanda mpata. Ngati mazinga akonzedwa ndi Helicoil (kasipuling'i kolowa m'malo mwa mazinga owonongeka) kapena nkhope yasemeka, musaikhulupirire pini yokha: tsimikizani ndi dial gauge (choyezera chokhala ngati wotchi) kudzera pa bowo la pulagi ya silinda yoyamba. Sikuludiraiva siyeza zimenezi, chifukwa pisitoni ikafika pamwamba imakhala ngati yaima pomwe crankshaft ikuyendabe madigiri angapo. Macamshaft, mashafiti otsegula mavavu, nawo amatsekedwa ndi chitsulo chophwatalala cholowa mu mipata ya kumbuyo kwake.

Piniyo si yogwirira injini pomasula kapena pomanga bauti ya pulley. Imapindika, ndipo ikhoza kung'amba bowo limene mwalivutikira. Gwirani pulley ndi chogwirira chake. Bauti ya pulley ikhale yatsopano, imangidwe 100 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bauti) kenako muwonjezere madigiri 90. Chotsani pini ndi chitsulo cha ku macamshaft, zunguzani injini ndi dzanja kawiri, muyezenso ndi zida zonse ziwiri. Zikagwirizana, chotsaninso pini musanakhudze sitata, mumange bauti yotseka yatsopano pa 20 Nm.