Momwe mungamangire umodzi mu mpingo wa Amalawi kuno ku Joni

Kumudzi timapemphera ndi anthu amene tinakula nawo, agogo awo timawadziwa. Kuno ku Johannesburg, pa benchi imodzi pamakhala mayi wa ku Mzimba wogwira ntchito m'nyumba ku Sandton, mnyamata wa ku Mulanje wolondera usiku, ndi bambo wa ku Dedza wosoka zovala ku Rosettenville. Ndatumikira m'komiti ya mpingo wathu zaka zingapo, ndipo ndaona kuti kulalikira za chikondi Lamulungu lililonse sikukwanira. Pali ntchito yoti manja agwire.

Choyamba, dziwani anthu anu. Tsegulani kaundula: dzina, dera limene munthu akukhala, tsiku limene amapuma kuntchito, ndi nambala ya m'bale wake kumudzi. Za mapepala okhalira m'dziko muno musafunse, chonde. Mukangofunsa, ena sadzabweranso, ndipo amenewo ndiwo amasowa mpingo koposa.

Chachiwiri, nkhani ya chilankhulo ndi kochokera muikambe poyera, pakuti mipingo yambiri imang'ambikira pamenepa. Mwachitsanzo, ife a CCAP tili mpingo umodzi kuyambira 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana, Nkhoma n'kulowa mu 1926. Komabe amayi akakumana kuno, ena ndi a Umanyano (gulu la amayi la ku Livingstonia), ena a Chigwirizano (la ku Nkhoma), ena a Mvano (la ku Blantyre), aliyense ndi kachitidwe kake kamene anaphunzira kwa amayi ake. Palibe cholakwika pamenepo. Cholakwika chimabwera pamene gulu limodzi latenga maudindo onse, enawo n'kukhala ngati alendo pa maliro a eni.

Werengani Machitidwe 6 m'bwalo la akulu ampingo. Ku Yerusalemu, Ayuda olankhula Chigiriki anadandaula kuti amasiye awo akuiwalidwa pogawa chakudya. Atumwi sanawadzudzule kuti akugawa mpingo. Anauza anthu kuti asankhe amuna 7, ndipo mukayang'ana maina awo, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolao, onse ndi a Chigiriki. Ntchito anaipereka m'manja mwa odandaulawo. Chitani chomwecho: ngati wapampando ndi wa kumwera, mlembi kapena msungichuma achokere kwina. Pa chipembedzo, nyimbo ya Chitumbuka imveke pamodzi ndi za Chichewa. Ana obadwira kuno, amene amamva Chizulu ndi Chingerezi kuposa chathu, apatseni gawo lowerenga Mawu.

Chachitatu ndi ndalama, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Randi imene mlongo wanu waponya m'mbale waichotsa pa imene akanatumiza kwa ana ake kumudzi. Ali ndi ufulu wodziwa kumene yapita. Chopereka awerenge anthu atatu, asaine onse, chisanatuluke m'tchalitchi. Ndalama zisagone m'chikwama cha munthu kapena mu akaunti yake. Potapa ku banki pakhale anthu awiri ovomereza, ndipo asakhale a banja limodzi. Mwezi ukatha, msungichuma aimirire n'kuwerenga zolowa ndi zotuluka, kuphatikizapo lendi ya holo. Kwathu kuno tinataya mabanja angapo chaka china chifukwa lipoti linachedwa miyezi yambiri. Palibe anaba, koma manong'onong'o anali atafika kale patali.

Kenako gawani mpingo m'milaga potsata madera: a ku Turffontein paokha, a ku Diepsloot paokha, a ku Tembisa paokha. Ulendo wa matekisi awiri pakati pa sabata ngokwera mtengo, koma kuyenda pansi kupita kwa mnansi aliyense angathe. Mlaga uzikumana pa tsiku limene ambiri akupuma, ngakhale lisakhale lofanana ndi la milaga ina.

Mkangano ukabuka, tsatani Mateyu 18:15: pitani kwa m'bale wanuyo, muli awiri. Gulu la WhatsApp likhale la zilengezo, osati bwalo la milandu. Mawu ojambulidwa mutapsa mtima amafika ku Lilongwe inu musanakhazike mtima pansi.

Chomaliza ndi maliro, pamene zonsezi zimayesedwa. Kunyamula thupi kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kumafuna ndalama zambiri ndi zikalata, ndipo mutu umodzi susenza denga. Musadikire uthenga wa imfa kuti muyambe kuyendetsa mbale. Khazikitsani thumba la maliro losiyana ndi chopereka, aliyense azisonkha pamwezi, ndipo mulembe pasadakhale kuti thumbalo lithandiza ndani ndi ndalama zingati. Mkulu wa mpingo ndi mnyamata wofika chaka chatha alandire mofanana. Gawaninso ntchito anthu akadali moyo: awiri oyenda kuchipatala ndi kwa okonza maliro, wina wopita ku ofesi ya kazembe wa Malawi, amayi ogona pa siwa, ndi mmodzi woimbira abale kumudzi pa nambala ija munalemba m'kaundula. Woperekeza thupi mumulipirire ulendo wopita ndi wobwerera, ndipo wina akalankhule ndi abwana ake kuti pobwera asadzapeze ntchito itatha.