Musanagule nyumba mu Lilongwe, onani kaye mmene zikugulikira

Ambiri mukafuna kuika ndalama m'nyumba kapena puloti mumayamba ndi kufunsa mtengo. Komatu mtengo umene ejenti amatchula ndi umene mwini wake akulakalaka, si umene wogula wavomera kupereka. Ine ndikukupemphani kuti muziyang'ana kufulumira kumene nyumba zikugulikira m'dera limene mwalikonda. Odziwa za malonda a malo, pa Chingerezi, amati absorption rate.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Tengani chiwerengero cha nyumba zimene zagulidwa pa mwezi umodzi, chigaweni ndi cha nyumba zonse zimene zili pa malonda, kenako chulukitsani ndi 100. Tiyerekeze kuti ku Area 49 akutsatsa nyumba 40 ndipo mwezi wathawu zagulidwa 4. Ndiye kuti ndi 10 peresenti, ndipo kuti zonsezo zithe pangapite miyezi 10. Zikapitirira 20 peresenti, ogula achuluka ndipo wogulitsa sasuntha pa mtengo. Zikachepera 15 peresenti, musathamange, nenererani, pakuti nyumba zikudikira ogula.

Ntchito yaikulu ili potolera manambalawo. Gulani kope, muzilemba nyumba iliyonse imene mwaiona pa Facebook, m'magulu a WhatsApp, m'nyuzipepala ndi pa zikwangwani, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Apa samalani kwambiri. Nyumba imodzi imatha kutsatsidwa ndi madobadoba atatu pa mitengo itatu, ndiye muiwerenge kamodzi kokha. Komanso nyumba ikasiya kutsatsidwa sizitanthauza kuti yagulidwa. Mwina mwini wake watopa n'kuikamo wa lendi. Pitani komweko mukafunse oyandikana nayo, amadziwa zonse.

Musaphatikize madera. Wogula nyumba ku Area 10 kapena Area 43 si yemwe akufunafuna ku Area 25 kapena Chinsapo, ndipo puloti yopanda kanthu ku Airwing ndi malonda ena poyerekeza ndi nyumba yothaitha ya mpanda.

Mwezi umodzi ukhoza kukunamizani. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo cha mu Epulo ndalama zimayenda, pomwe Januwale ndi Febuluwale anthu amakhala akulimbana ndi fizi ndi chimanga. Kumbukiraninso za mu Novembala 2023 pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Simenti ndi malata zinakwera, eni nyumba nawo anakweza mitengo, koma malipiro a ogula sanakwere motero. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu akutenga ngongole kubanki chifukwa wamva kuti mitengo yakwera, osafunsa ngati alipo amene akugula pa mtengowo.

Ngati cholinga chanu n'kumanga nyumba za lendi, werengani chimodzimodzi: ndi nyumba zingati zopanda anthu m'deralo, nanga zingati zapeza wolowamo mwezi uno.