Mawanga akuda pankhope: musathamangire mafuta oyeretsa khungu

Amayi anzanga, timawanga takuda tomwe timatuluka pamasaya, pamphumi ndi pamikono zaka zikamapita kawirikawiri gwero lake ndi dzuwa. Latiwomba kwa zaka zambiri kumunda ndi pamsika, ndiye khungu limaunjika melanin, chinthu chomwe chimalipatsa mtundu wake, malo amodzi.

Choyamba ndi sunscreen, mafuta otchinga dzuwa, wolembedwa SPF 30 kupita m'mwamba, m'mawa uliwonse, ndi chipewa cha mlomo waukulu. Mukapanda kutero, zina zonse n'kungotaya ndalama, mawangawo amabwereranso.

Pa mafuta odzola, yang'anani olembedwa vitamin C, niacinamide kapena azelaic acid. Palinso retinol, koma ndi wa usiku wokha, ndipo oyembekezera asamukhudze. Musathe mtima msanga, kusintha kumayamba kuoneka pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Chondidetsa nkhawa ine ndi timachubu ta mafuta oyeretsa khungu ta pamsika tija. Tambiri timakhala ndi mankhwala amphamvu monga steroid, hydroquinone kapena mercury. Mchemwali wanga anadzola chaka chathunthu. Poyamba nkhope inawala, kenako khungu linapyapyala, timitsempha tofiira n'kumaonekera, masaya n'kuda bii ngati makala. Mpaka lero sanabwerere mwakale. Hydroquinone amathandiza ndithu, koma akulembereni dokotala, kwa miyezi yochepa chabe.

Madokotala a khungu ali ndi njira zinanso: chemical peel (kusupula khungu la pamwamba ndi mankhwala), laser (kuwala kwamphamvu kwa makina), kapena kuumitsa bangalo ndi madzimadzi ozizira kwambiri otchedwa liquid nitrogen. Afunseni ngati anazolowera khungu lakuda, chifukwa njirazi zimatha kusiya chipsera choyera kapena chakuda kuposa poyamba.

Banga lomwe likukula, kusintha mtundu, kuyabwa kapena kutuluka magazi, musalidzole kanthu. Pitani kuchipatala akalione, makamaka abale athu achialubino.