Kusanja ntchito pa Todoist: malo kapena ma tag?

Achimwene, mwafunsa ngati ntchito za geni yanu ya mpunga muzisanje potengera malo ochitira kapena ndi ma tag (timawu tozindikiritsa ntchito) pa Todoist, pulogalamu yolembamo ntchito zoti muchite. Ine ndikuti yambani ndi malo.

1. Lembani zonse mu Inbox, momwe ntchito zosasanja zimafikira, osasankha kaye.

2. Pa ntchito iliyonse dzifunseni kuti, "Ndingaichite ndili kuti?" Pa Todoist chizindikiro cha @ chimaika label, lomwe ndi dzina la tag pa Todoist, ndiye lembani @KamuzuRoad, @Lifuwu, @SengaBay kapena @foni. Ntchito imodzi ikhale ndi malo amodzi basi. Mukatsika minibasi pa Kamuzu Road, mwatsegula label imeneyo, za kubanki ndi zogula matumba zonse zili pomwepo, simubwereranso mawa chifukwa choiwala.

3. Tag yachiwiri onjezani pokhapokha ikuthandizeni kusankha: @kudikira pa ndalama zomwe kasitomala sanatumize, @intaneti pa zofuna bandulo. Ma tag akachuluka mumathera nthawi kusanja m'malo mogwira ntchito.

4. Osasokoneza ndi #, imeneyo ndi ya project, gulu la ntchito za cholinga chimodzi, monga #Mpunga.

5. Lamlungu madzulo yang'anani @kudikira, muwaimbire amene akuchedwa, ndipo label yomwe yakhala yopanda ntchito mwezi wonse ifufuteni.