Mukusaka agogo ochokera ku Scotland? Dzina lisakupusitseni

Chinthu choyamba, musakakamire sipelo imodzi ayi. Kale anthu ambiri samalemba okha dzina lawo, amalemba ndi abusa kapena kalaliki mmene wamvera basi, ndiye munthu mmodzi yemweyo mumupeza ngati MacDonald, McDonald, M'Donald, akafika ku Canada kapena Australia mwina Mac uja wagweratu.

Tengani pepala, lembani masipelo onse amene mungaganize, mukulitchula dzinalo mokweza. Pa ScotlandsPeople, webusaiti yosakirapo zolembedwa zakale za mabanja a ku Scotland, ikani kanyenyezi, M*Donald, zambiri zibwera pamodzi. Boma linayamba kulembetsa kubadwa, maukwati ndi imfa mu 1855, kumbuyoko mudalira mabuku a tchalitchi, ndipo kumeneko ndi kumene sipelo imasokonekera kwambiri.

Chigaeliki, chiyankhulo chamakolo cha ku Scotland, nachonso, eeh. Dzina loti Mac a' Ghobhainn limatanthauza mwana wa wosula zitsulo, ena anasanduka MacGowan ena anangomasulira kukhala Smith. A fuko la MacGregor dzina lawo linaletsedwa mu 1603 ndiye ambiri anabisala mu maina ngati Murray ndi Drummond.

Mukakayika, yang'anani dzina la kwawo la mayi, parishi ndi zaka ngati zikugwirizana.