Momwe mungasamalire wodwala wogona kunyumba kuti asatuluke zilonda

Munthu wamkulu akagwidwa ndi sitiroko n'kutulutsidwa ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, amafika pakhomo ndi kathumba ka mankhwala ndi tsiku lokaonananso ndi dokotala. Ntchito yotsalayo imagwera inu, mwana wake, mkazi wake kapena mpongozi. Pa unamwino wanga, chimene chimandiwawa mtima kwambiri ndi kuona agogo amene anachoka m'wodi khungu lili bwinobwino akubwerera patangopita milungu itatu ali ndi dzenje pamwamba pa matako. Abale awo amawakonda, amawaphikira, amawapempherera. Za kuwatembenuza zokha ndi zimene sanazidziwe.

Chilonda chotere chimayamba thupi likakhalitsa mbali imodzi. Fupa limapanikiza mnofu pabedi, magazi osafika, mnofuwo n'kuyamba kufa kuchokera mkati. Maola ochepa chabe amakwanira.

Choyamba, yenderani khungu lonse m'mawa uliwonse powasambitsa. Onani fupa la kumapeto kwa msana, mbali zonse za chiuno, zidendene, akakolo, zigongono, mapewa ndi kunkhongo. Apa mvetsetsani bwino. Mabuku ambiri amati muone ngati khungu lafiira, koma pakhungu lathu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Chimene muone ndi kachigamba kodera kuposa pozungulira, mwina kotuwa kapena konyezimira. Maso okha sakwanira, gwiranipo ndi dzanja. Pakatentha kapena kuzizira mosiyana ndi pena, pakalimba ngati mbatata yaiwisi kapena kufewa ngati papaya lakupsa, dziwani kuti zayambika. Yerekezani chidendene chakumanja ndi chakumanzere. M'nyumba mukakhala mdima tsegulani zenera kapena yatsani tochi ya pafoni. Malo oterowo musawasisite poganiza kuti magazi ayende, mungowonjezera kuwononga mnofu. Chofunika ndi kuti wodwala asagonerenso pamenepo mpaka pabwerere mwakale.

Chachiwiri, atembenuzeni maola awiri aliwonse, usiku womwe. Ndikudziwa kuti n'zolemetsa, makamaka nyengo ya dzinja anthu onse ali kumunda. Gawanani. Matani pepala pakhoma: 06:00 kumanzere, 08:00 chagada, 10:00 kumanja, wotembenuzayo azichonga. Usiku ikani alamu pafoni.

Musanawagwire auzeni kaye, ngakhale sakutha kuyankha: "Amayi, tikutembenuzeni tsopano." Amamva, ndipo thupi limamasuka. Pindani chitenje cholimba pawiri, chikhale pansi pawo kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu. Mukhale awiri, wina uku wina uko, munyamule ndi chitenjecho. Kuwakhwekhwereza pansalu kumasupula khungu. Dzanja limene linafooka ndi sitiroko musalikoke ngakhale pang'ono, phewa lake siligwira ndipo limaguluka msanga. Powagoneka chammbali asagonere fupa la chiuno lenileni, angopendekeka pang'ono pilo atawachirikiza kumsana. Pilo wina pakati pa mawondo. Akagona chagada, ikani pilo pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere osakhudza bedi. Mapilo akachepa pindani bulangete. Ndipo ngati agogo akugona pamphasa, banja lisonkhe ndalama ya matiresi lisanagule china chilichonse.

Chachitatu, pogona pazikhala pouma. Kutentha kwa Okutobala kuno thukuta lokha limanyowetsa msana, kuli bwanji mkodzo. Pulasitiki yotchinjiriza matiresi ikhale pansi pa nsalu, isakhudze thupi. Akadzionongera asintheni nthawi yomweyo mopanda kuwadzudzula, manyazi ali nawo kale. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wosaluma, pukutani mogunditsa thaulo osati mokhula, kenako pakani Vaseline pang'ono pomwe mkodzo umafika. Kunthani nyenyeswa za chakudya, wongolani makwinya a nsalu.

Chachinayi ndi chakudya. Wa sitiroko amatsamwa msanga, ndipo chakudya chikalowera m'mapapo chimabweretsa chibayo. Akhazikeni tsonga, apatseni ndi kasupuni pang'onopang'ono, mukatha onani ngati chakudya sichinatsalire m'tsaya la mbali yofooka. Akhalebe tsonga mphindi 30. Akamakhosomola pomeza, kapena mawu akamamveka ngati muli madzi kukhosi, lekani ndipo mukafotokoze kukiliniki. Khungu limafuna zomanga thupi, ndipo ife a kum'mawa nsawawa sitisowa: phala lothira nsinjiro, mazira, nyemba, mkaka, kapenta wosinja. Ena amawamana madzi kuti asamakodze pafupipafupi. Chonde musatero. Mkodzo ukachepa n'kudera ngati tiyi, thupi lauma.

Chachisanu, khalani ndi kabuku kolembamo manambala atatu m'mawa ndi madzulo. Kutentha kwa thupi kukafika madigiri 38 ndiye kuti pali chovuta, mwina malungo, mwina chilonda kapena matenda a m'chikhodzodzo. Kugunda kwa mtima mukumve pamkono, chakumunsi kwa chala chachikulu, ndi zala ziwiri: kwa munthu wamkulu wopumula kumakhala 60 mpaka 100 pa mphindi. Kupuma kumakhala 12 mpaka 20. Werengani mphindi yathunthu mukuyang'ana chifuwa, osawauza, chifukwa munthu akadziwa amasintha kapumidwe. Kupuma kukafika 25 pa mphindi pitani kuchipatala, musadikire kuti kuche.

Pitaninso kuchipatala tsiku lomwelo ngati khungu latseguka kapena latuluka chithuza, ngati pali mafinya ndi fungo, ngati wodwala wayamba kusokonezeka kapena kuodzera mosadzuka bwino, kapenanso wasiya kukodza. Pachilonda musathire phulusa, sipiriti, zitsamba ngakhale ufa wa m'makapisozi. Tsukani ndi madzi owiritsa ozizira othira kamchere, phimbani ndi nsalu yoyera. Mukawapempha n'kulola, jambulani chilondacho pafoni, ndipo ponyamuka musaiwale kabuku kaja ndi mapaketi onse a mankhwala amene akumwa.